Agogo akadalipo



Lachitatu lapitali ndikumwetsa mafuta ku Katoto, mayi wina wovala bwino anatsika m'galimoto yake n'kubwera molunjika pamene ndinaima. Ine ndinakonzekera kulandira moni. Ayi ndithu, iye anayamba wagwira kaye boneti ya galimoto yanga n'kufuula kuti, "Iii! Agogo akadalipo?" Atatero m'pamene anatembenuka, n'kupinda maondo pang'ono: "Mwaswera bwanji aphunzitsi?" Anali mwana wanga wa Folomu 4 wa zaka zambiri zapitazo, pano ndi namwino.

Inde, Agogo akadalipo. Kwa amene simukuwadziwa, Agogo ndi Toyota Corolla yanga yoyera ya 1997, imene ana a sukulu anaipatsa dzinali chifukwa cha mmene inkatsokomolera m'mawa polowa pa geti. Ambiri mukaiona ikuyendabe mumati ndi mwayi, ena mumati Toyota siifa. Imafa, anzanga. Yangayi inatsala pang'ono kufa mu 2012, ndipo usiku umenewo inatsalanso pang'ono kupita ndi mayi anga ondibereka. Nkhani yake sindinaifotokozepo bwinobwino chifukwa cha manyazi. Lero ndifotokoza.

Ndinaigula mu 2009 ndi ngongole ya ku SACCO. Inabwera monga mmene zimabwerera galimoto zambiri za mumzinda muno: pa sitima kuchoka ku Japan kufika ku Dar es Salaam, kenako pamsewu kudzera pa Songwe, Karonga, n'kukwera Chiweta. Ku Japan galimoto yatsopano imakayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezetsako n'kodula, choncho eni ake ambiri amaigulitsa ikadali ndi mphamvu zake. Yanga inafika itayenda makilomita 121,000, mkati muli mbee, injini yake ya 5A-FE ya malita 1.5 ikulira motsitsa kwambiri moti tsiku loyamba ndinapotokola kiyi kachiwiri poganiza kuti yazima.

Kumeneko n'kumene ndinapusitsika. Galimoto ikabwera ili bwino chonchi umaiwala kuti ili ndi zaka 12 kale, ndiponso kuti ili bwino chifukwa munthu wina kutali uko ankaisamalira pa nthawi yake. Ine ndinkaphunzitsa Physical Science, masiku amenewo asanaigawe kukhala Physics ndi Chemistry. Friction, pressure, kutentha, kufutukuka kwa zitsulo, zonsezi ndinkazilemba pa bolodi chaka ndi chaka osayang'ana m'buku. Koma boneti ya galimoto yanga ndinkaitsegula pokhapokha wapolisi akafuna kuona nambala.

Zaka ziwiri zoyambirira ndinkayesetsabe kupita nayo ku sevisi ndikakumbukira. Kenako kunabwera 2011. Mukukumbukira mizere ya mafuta ija, kugona m'galimoto pa filling station, kugula petulo wa m'zigubu kuseri kwa nyumba za anthu pa mtengo woti sungaunene kunyumba. Mu May 2012 kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera tsiku lomwelo: oyilo, mafyuluta, mapulagi. Malipiro a mphunzitsi anakhala pomwe anali. Ndiye ndinayamba kuyankhula mawu amene tonse timawadziwa: "Tiona kumapeto kwa mwezi." Mwezi ukatha pamabwera lendi, fizi ya ana, ngongole ya ku SACCO, feteleza wa kumudzi. Galimoto siilira ngati mwana, siigogoda pakhomo ngati eni nyumba. Nthawi zonse inkakhala yomaliza pa mndandanda.

Sikuti sinkandichenjeza. M'mawa uliwonse pansi pake pamakhala kadontho ka madzi a dzimbiri. Geji ya kutentha itayamba kukwera pang'ono, munthu wina wa m'mbali mwa msewu anandichotsera thermostat, akuti imeneyo ndi ya kumayiko ozizira, kuno ku Africa ilibe ntchito. Ine ndinavomera n'kulipira. Kenako ndinayamba kuyenda ndi chigubu cha malita 5 cha madzi a pampopi, n'kumathira mu ladiyeta masiku atatu aliwonse. Akazi anga anandifunsa tsiku lina kuti, "Bambo, galimoto imeneyi yasanduka dimba kodi, yothirira m'mawa uliwonse?" Ndinaseka nawo, osachitapo kanthu.

Mu June chaka chomwecho cha 2012 mlongo wanga anandiimbira foni kuchokera kwathu ku Nkhotakota kuti mayi afooka. Anali ndi matenda a shuga, ndipo chilonda cha kuphazi chinali chitakana kupola. Tinagwirizana kuti tikawatenge abwere ku Mzuzu kufupi ndi chipatala chachikulu, kumene tikanatha kuwayang'anira. Popita zonse zinayenda bwino, poti kuchoka ku Mzuzu kupita kunyanja n'kutsetsereka. Pobwerera tinanyamuka masana, mayi atagona pa mpando wa kumbuyo, mutu uli pa miyendo ya mpongozi wawo. Dwangwa, Chintheche, minda ya mphira ya ku Vizara, tinadutsa popanda vuto.

Amene munkaudziwa msewu wa Nkhata Bay usanakonzedwe mukukumbukira mmene unalili, wopapatiza, wokhotakhota. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200, ndipo kukwera konseko kumachitika pa makilomita osakwana 50. Injini imene ili ndi vuto lobisika imaliulula pa mtunda ngati umenewu. Titadutsa pa Mpamba, dzuwa likulowa, ndinaona muvi wa geji ukukwera kulowera kofiira. Ndinauona ndithu, sindinganame. Koma kumbuyo kunali wodwala, ndiye ndinadziuza kuti tingomaliza kamtunda aka kokha. Kamtundako katatha kunabwera kena. Galimoto inayamba kuchepa mphamvu, kunamveka fungo la chinthu chopserera, kenako nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti n'kuphimba galasi lonse. Injini inazima yokha.

Ndinawonjezera kulakwa pa kulakwa. Osadikira kuti izizire bwino, ndinatsegula chivindikiro cha ladiyeta ndi chiguduli, mwamwayi nthunzi inangondiwaula mkono. Kenako ndinathira madzi ozizira a m'chigubu changa chija mu injini yotentha. Madziwo anangodutsa n'kukhuthukira pa phula.

Kunada. Kunayamba mawawa a mu June aja, ndi kamphepo kolowa m'mafupa. Foni imagwira n'kusiya. Mayi anafunsa ndi mawu otsika kuti, "Mwanawe, tafika?" Ndinati, "Ayi mayi, galimoto yatopa pang'ono." Anakhala chete, kenako anati, "Nayonso ili ndi shuga?" Akazi anga anaseka, koma ine sindinathe, chifukwa ndinkamva mano a mayi akugundana ndi kuzizira. Tinawafunditsa zitenje zonse ndi jekete langa. Minibasi zinkadutsa zitadzaza mpaka pakhomo. Patatha maola oposa awiri m'pamene panaima pikapu yonyamula nthochi. Dalaivala wake, bambo wa Chitonga amene dzina lake sindinafunse n'komwe, anatsitsa mnzake kutsogolo n'kukhazikapo mayi. Akazi anga anakwera pamwamba pa nthochi. Ndalama anakana.

Ine ndinagona m'galimoto. Kugona kwake kunali kwa dzina chabe. Usiku wonse ndinkawerenga m'mutu masiku amene ndinaona kadontho kaja n'kukalumpha popita ku sukulu. Mayi anafika kuchipatala usiku womwewo, anagonekedwa milungu itatu, anachira. Koma adokotala anauza akazi anga kuti tikanachedwa usiku wina umodzi, ikanakhala nkhani ina.

M'bandakucha ndinakwanitsa kupeza mnzanga wophunzitsa masamu, amene analonjeza kunditumizira makaniko wake wa ku Luwinga. Minibasi yoyamba inatsitsa mnyamata wa ovolosi ya buluu atanyamula kachikwama ka masipanala. Atayandikira anavula chipewa. "Mwadzuka bwanji aphunzitsi? Mukundikumbukira?"

Ndinamukumbukira. Benchi ya kumbuyo, pafupi ndi windo. Pa MSCE phunziro langa anapeza 9. Ndipo ndinakumbukiranso zimene ndinalemba pa lipoti lake teremu ina, zoti ndi mwana wogona ndipo sindikuona kumene akupita. Tsopano anali ataima patsogolo panga, ine ndili ndi maso ofiira ndi mkono wowauka.

"Tatsegula tione, iwe," ndinatero, mwa chizolowezi cha m'kalasi.

Sanayankhule zambiri. Anapisa dzanja pansi n'kutulutsa paipi ya mphira yochokera ku ladiyeta. Inali yofewa ngati nthochi yakupsa, itang'ambika kutalika kwa chala. Anatsegula pothirira oyilo n'kundionetsa chivindikiro chake: kunsi kunali phala looneka ngati tiyi wamkaka. "Madzi alowa mu oyilo, aphunzitsi. Gasiketi yapsa." Kenako anandifunsa mafunso atatu, mwaulemu, monga mmene ine ndinkafunsira mwana amene sanalembe homuweki. Oyilo munasintha liti? Mumathira madzi anji? Thermostat anachotsa ndani? Onse atatu ndinalakwa.

Potsiriza ananyamula chivindikiro cha ladiyeta n'kundionetsa mphira wake wong'alukang'aluka. "Paja munatiuza kuti madzi amawira pa 100 kunyanja yamchere kokha, kuno kumtunda amawira msanga, cha m'ma 96. Chivindikiro ichi ndi chimene chimasunga pressure kuti madzi asawire mpaka atapitirira 115. Chikatha mphira, ladiyeta imangokhala poto wopanda chivindikiro." Ndinamuyang'ana. Iye anapitiriza: "Munawiritsa madzi m'botolo, munalitseka, munathira madzi ozizira pamwamba, madzi a mkati anayambanso kuwira. Tsiku limenelo sindinagone, aphunzitsi."

Tinaikoka ndi chingwe mpaka ku Luwinga. Pofika kumeneko ndinazindikira kuti ndasiya kumutchula kuti iwe. Ndinali kunena kuti, "Amisiri, mukuona bwanji?" Mpaka lero ndimawatchula choncho, ndipo iwo amanditchulabe aphunzitsi.

Cylinder head inali itapindika, inafunika kukapalidwa pa makina kuti ikhalenso yosalala. Chifukwa chake n'chimene ndinkaphunzitsa ndekha: mutu wa injini imeneyi ndi wa aluminiyamu, thunthu lake ndi la chitsulo, ndipo aluminiyamu ikatentha imafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Kutentha kukapyola muyeso, ziwirizi zimakokana, gasiketi ya pakati pake n'kugonja. Zonse pamodzi, kupala, gasiketi, mapaipi, thermostat, chivindikiro, oyilo ndi fyuluta, zinadya malipiro anga a miyezi pafupifupi iwiri. Paipi imene inayambitsa zonsezi mtengo wake sunkafika pa nkhuku ziwiri. Akuluakulu sananame kuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku lokatenga galimoto, amisiri asanandipatse makiyi anandipatsa kope la ana a pulayimale. Pa tsamba loyamba anali atajambula mizere inayi: tsiku, makilomita, chimene chachitika, ndi tsiku lobwereranso. "Homuweki yanu, aphunzitsi. Lizikhala m'galimoto." Pano ndili pa kope lachitatu. Zimene zili m'makope amenewa ndiye yankho lonse la funso la namwino uja, ndipo n'zochepa moti mukhoza kukhumudwa.

Loweruka lililonse m'mawa, injini isanalire, galimoto ili pamalo osapendekeka, ndimapatula mphindi 10. Ndimayamba ndi kugwada n'kuyang'ana pansi. Dontho lakuda ndi oyilo, dontho la mtundu wa coolant ndi madzi a injini, ndipo lililonse mwa awiriwa liyenera kupezeka kumene lachokera sabata yomweyo. Kenako ndimasolola dipstick, kupukuta, kubwezera, kusololanso. Oyilo ayenera kukhala pakati pa zizindikiro ziwiri zija. Kuchepa n'koopsa, komanso kudzaza mopyola si chikondi, chifukwa amachita thovu n'kuyamba kutulukira m'masilo. Oyilo wakuda sandiopsa, ndiye kuti akugwira ntchito yake yonyamula litsiro. Amene amandiopsa ndi wooneka ngati tiyi wamkaka, kapena amene ukamupaka pakati pa zala ukumva timchenga.

Ndikachoka apo ndimaona madzi, injini ili yozizira basi. Chipsera cha pamkono wangawu chimandikumbutsa. Masiku ano ndimathira coolant, osatinso madzi a pampopi okhaokha. Ambiri timaganiza kuti coolant ndi wa kumayiko a chisanu, koma ntchito yake ina yaikulu ndi kuletsa dzimbiri. Madzi wamba amadya chitsulo cha mkati, dzimbirilo limatseka timapaipi ta ladiyeta, ndipo injini imayamba kutentha pang'onopang'ono mwini wake osadziwa chifukwa. Ndimafinyanso mapaipi a mphira ndi dzanja. Ikafewa kwambiri, ikatupa kapena ikauma gwa n'kuyamba ming'alu, yatha, ngakhale isanadonthe. Fan belt ndimaidinikiza ndi chala chachikulu, iyenera kulowa pafupifupi sentimita imodzi. Pa injini yangayi lamba ameneyu ndi amene amazunguza pampu ya madzi ndi alternator, choncho akaduka ulendo watha pomwepo. Pomaliza ndimayang'ana mitu ya batire. Ufa woyera ukayamba kumera pamenepo ndimatsuka ndi madzi otentha osakaniza ndi soda wophikira therere. Kuzizira kwa ku Mzuzu mu June ndi July kumafooketsa batire, ndipo chitsokomolo chimene munkaseka chija mbali ina chinkachokera pamenepa.

Oyilo ndi fyuluta yake ndimasintha pa makilomita 5,000 aliwonse kapena pa miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Poyamba ndinatsutsa. Ndinati amisiri, ine ndimangoyenda kuchoka kunyumba kupita ku sukulu, makilomita 4 okha, oyilo angathe bwanji? Anandiyankha kuti maulendo afupiafupi ndi amene amapha oyilo. Petulo akamapsa amatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo ina imadutsa n'kulowa kumene kuli oyilo. Pa ulendo wautali injini imatentha mokwanira, madziwo n'kuuluka. Pa ulendo wa mphindi 10 m'mawa wozizira, madziwo amatsala momwemo, tsiku ndi tsiku, mpaka oyilo amasanduka phala. Choncho galimoto ya mphunzitsi imene imangozungulira mu Chibavi ndi Mchengautuwa ikhoza kukhala ndi oyilo woipa kuposa ya munthu amene amapita ku Lilongwe sabata iliyonse. Kuti ndisaiwale ndinazimangiriza ku kalendala ya sukulu: tikatsekera Khirisimasi, ndiponso tikatsekera chaka mu July.

Kusinthako ndimachita ndekha tsopano. Ndimaliza injini mphindi zochepa kuti oyilo afunde n'kutsika mosavuta, ndimamasula nati ya pansi, oyilo n'kukhuthukira m'beseni lakale. Fyuluta yatsopano ndimaipaka kaoyilo pa mphira wake n'kuimanga ndi dzanja lokha, osati ndi sipanala. Injini imeneyi imamwa malita pafupifupi 3, ndipo poti yakalamba amisiri anandisankhira 20W-50. Chimene anandilumbiritsa ndi ichi: oyilo azikhala wa m'chigubu chomata, chimene ndatsegula ndekha. Wa m'mabotolo wogulitsa m'mbali mwa msewu sudziwa kumene wachokera, ndipo wina amakhala woti wagwira kale ntchito m'galimoto ina. Oyilo wakutha sindimutaya m'ngalande, chifukwa ngalande za mumzinda muno zimathera m'madambo ndi mu Lunyangwa, kumene anthu amalima ndiwo zimene timadya tomwe. Ndimamuthira m'chigubu, anzanga oweta nkhuku amadzatenga kukapaka mitengo ya khola kuopa chiswe.

Fyuluta ya mpweya ndimaiona mwezi uliwonse, makamaka kuyambira August mpaka mvula itagwa, pamene misewu ya m'makwalala athu imakhala fumbi lokhalokha. Ndimaigogoda pang'ono n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, ndimagula ina. Ya pepala siichapidwa, ndipo kuyenda popanda fyuluta n'chimodzimodzi kuthira mchenga mu injini ndi supuni. Mapulagi ndimasintha pa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo amisiri anandiphunzitsa kuwawerenga ngati lipoti la mwana: nsonga yofiirira ngati khofi wamkaka ndiye kuti zonse zili bwino, yakuda ndi mwaye ndiye kuti petulo akuchuluka, yonyowa ndi oyilo ndiye kuti mkati mwayamba kutha. Fyuluta ya petulo ndimaisintha msanga nthawi iliyonse imene mafuta asowa n'kutikakamiza kugula a m'zigubu. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Mafuta amene akhala m'chigubu chosatseka bwino amabwera ndi madzi ndi zinyalala zake.

Thermostat ija inabwezeretsedwa, ndipo ndikupemphani anzanga, musalole munthu kuichotsa. Ntchito yake ndi kutsekereza madzi kuti injini ifunde msanga, kenako n'kutseguka kutentha kukafika cha m'ma 82. Ikachotsedwa injini imayenda yozizira nthawi yaitali, imamwa petulo wambiri, ndipo oyilo amaipa msanga. Choipa kwambiri n'chakuti kuichotsa kumangobisa matenda enieni, monga mmene zinachitikira kwa ine. Geji ikakwera, funsani chifukwa chake. Ndipo ikalowera kofiira muli pa ulendo, imani pomwepo n'kuzimitsa, ngakhale mutanyamula wodwala. Ndikanaima nditangouona muvi uja, tikanataya paipi yokha, mwina n'kuimanga ndi mphira wa chubu mpaka kufika. Kamtunda kamodzi kaja ndi kamene kanatigoneka panjira.

Chinthu chimodzi chokha sindichigwira ndekha, ndicho timing belt. Imeneyi siidontha, siilira, siipereka chizindikiro, imangoduka tsiku lake likakwana. Imasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimakhala ndi kapepala komata pa injini kosonyeza makilomita amene anasinthira. Mukagula galimoto yopanda kapepalako, ingoganizani kuti sanasinthe. Inu ana anga amene mwagula ma Sienta ndi ma Corolla a kuyambira 2000 kupita mtsogolo, injini zanu zambiri zili ndi tcheni m'malo mwa lamba. Musanyade nazo, tchenicho chimadalira oyilo woyera kuti chikhalitse.

Ndikudziwa chimene aphunzitsi anzanga mukunena m'mitima: zonsezi ndi ndalama. N'zoona. Mu November 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo nditapita kukagula oyilo wa Khirisimasi ndinaima nthawi yaitali pa kauntala, mawu akale aja akubwerera m'kamwa: tiona kumapeto kwa mwezi. Chimene chinandipulumutsa ndi envulopu. Kuyambira 2012, malipiro akangolowa, kandalama kochepa kamapita mu envulopu yolembedwa kuti Agogo, ndipo amasunga ndi akazi anga. Ndayesapo kawiri konse kubwereka mmenemo. Yankho lawo limakhala limodzi: "Bambo, mukufuna tikagonenso pa Mpamba?" Mwezi umene zinthu zathina kwambiri, galimoto imakhala pakhomo, ine n'kukwera sakaramento kupita ku sukulu. Ana amaseka akandiona pa keliyala ya njinga ndi chikwama cha mapepala, koma galimoto yoimikidwa siwononga kanthu. Imene imawononga ndi yoyenda ndi oyilo wakutha.

Tsiku lina, patapita zaka, tili pansi pa boneti ku Luwinga, ndinalimba mtima n'kufunsa amisiri ngati akukumbukira zimene ndinalemba pa lipoti lawo. Anapukuta manja pa ovolosi n'kuseka. "Ndimakumbukira, aphunzitsi. Bambo anga anandiwerengera katatu." Ndinapepesa. Iwo anati ankagonadi m'kalasi, chifukwa usiku ankathandiza amalume awo ku galaja kuti apeze fizi. Ine zaka zinayi zonse sindinafunsepo. Ndinaona mwana akugona n'kulemba chigamulo, monga mmene ndinaonera geji ikukwera n'kuchotsa thermostat. Kuyambira pamenepo, ndisanalembe mawu olemera pa lipoti la mwana ndimayamba ndamuitana kaye. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ine manja sindinachenjere, koma ndinadya nayebe.

Mayi anakhala nafe zaka zina 7 kuchokera usiku uja. Atatisiya mu 2019, Agogo ndi amene ananyamula banja langa kupita ku Nkhotakota kukaika maliro, n'kutibweretsanso. Pobwerera, titadutsa pa Mpamba, m'galimoto munali zii. Ndinaona akazi anga akusuzumira geji. Muvi unali pakati, pamalo pake, ndipo unakhala pomwepo mpaka tinalowa mu Mzuzu.

Ndiye inu amene mwangogula galimoto yanu yoyamba, kaya mwaitenga pa Songwe kaya mwagula kwa mnzanu wa ku ofesi, gulani kope la ana a pulayimale lero lomwe. Lembani tsiku ndi makilomita. Ngati simukudziwa pamene pali dipstick, musachite manyazi, bwerani Loweruka m'mawa cha m'ma 7 koloko. Mudzandipeza nditagwada pafupi ndi Agogo, ndipo tiyi amakhalapo.